Kodi Mumadziwa? Mukadwala Nthawi Yaitali, Ntchito ndi Ndalama Zanu Zili Pati?

Kodi mumadziwa kuti bwana amene wachotsa munthu ntchito chifukwa choti anagonekedwa m'chipatala waphwanya lamulo? Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act, lili ndi mndandanda wa zifukwa zimene sizimveka n'komwe pochotsa munthu ntchito kapena pomupatsa chilango. Mndandandawo uli m'gawo 57. Muli mtundu wa munthu, chipembedzo chake, kulowa kwake yuniyoni, kukadandaula kwake za abwana, komanso kusabwera kuntchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala. Lamuloli limagwira fakitale ya ku Makata, sitolo ya ku Limbe, banki ya mu Victoria Avenue, boma lenilenilo, ngakhalenso nyumba ya ku Namiwawa imene ili ndi wophika mmodzi ndi mlonda mmodzi. Amene linawasiya kunja ndi asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende.

Kodi mumadziwa kuti Malawi inavomereza mfundo imeneyi lamulo la 2000 lisanabadwe? Mu 1986 dziko lino linasainira pangano nambala 158 la bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, ndipo panganolo limanena zomwezi za munthu wodwala. Mu 1994 malamulo aakulu a dziko anawonjezera gawo 31, lopatsa aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito.

Kodi mumadziwa kuti tchuthi cha matenda chili ndi muyeso wake? Gawo 46 likuti munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu, chaka chilichonse, wa masabata 4 odwala akulandira malipiro onse, kenako masabata ena 8 akulandira theka. Onse pamodzi ndi masabata 12, pafupifupi miyezi itatu. Umenewu ndi muyeso wotsikitsitsa: kontrakiti yanu, kapena mgwirizano wa yuniyoni ndi kampani, ungathe kuwonjezera masiku, koma sungachotsepo ngakhale limodzi. Amene chaka sichinakwane pantchito ayang'ane zimene kontrakiti yake ikunena, chifukwa gawo limeneli silinamufikire.

Nanga kodi mumadziwa kuti masabata onsewa amadalira pepala limodzi? Lamulo likuti malipiro a tchuthi cha matenda amatuluka munthu akaonetsa kalata ya dokotala wovomerezeka yofotokoza chimene chikumulepheretsa kugwira ntchito. Uthenga wa pa WhatsApp woti "bwana, sindinadzuke bwino" ndi ulemu chabe, si umboni. Kabuku ka kuchipatala kaja, kamene timakapinda pawiri n'kukaponya m'thumba lakumbuyo mpaka chikuto kuthothoka, n'kofunika kwambiri, koma musalekere pomwepo. Kaya mwaonedwa ku Gulupu, ku Mlambe, ku Mwaiwathu kapena pachipatala chaching'ono cha ku Ndirande, Zingwangwa kapena Bangwe, pemphani kalata yolembedwa padera: tsiku lioneke, masiku opumira aoneke, dzina la dokotala ndi chidindo zionekenso. Musanaipereke, ijambuleni ndi foni, muchititsenso fotokope. Amene akuilandira kuntchito asainire pa fotokope yanuyo n'kulemba tsiku. Masiku akatha inu musanachire, pitani mukatenge ina. Musasiye mpata pakati pa kalata yoyamba ndi yachiwiri, chifukwa mpata umenewo ndi umene umadzatchedwa kujomba. Ngati simungathe kuyenda, tumani amene akukudwazikani. Mphindi zochepa za mlamu wanu pa ofesi ya abwana zikhoza kupulumutsa zaka zanu zonse zapantchito.

Kodi mumadziwa kuti lamulo silisankha matenda? Malungo aakulu, sitiroko, khansa, shuga, mwendo wothyoka pangozi ya kabaza, matenda a maganizo amene amafikitsa munthu ku Zomba Mental Hospital, onsewa ndi matenda bola dokotala watsimikiza.

Kodi mumadziwa kuti mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB amamwedwa miyezi 6, pamene tchuthi cholipidwa chimathera pa miyezi itatu? Ambiri amabwerera kuntchito asanamalize mankhwalawo, koma si onse. Wa sitiroko amayamba kuphunziranso kuyenda nthawi imene malipiro akutha. Wa chikhakha chofika m'chiuno amachotsedwa chikhakhacho mwendo utafota, osatha kukwera minibasi ya ku Machinjiri, nanji kunyamula matumba. Tchuthi chathuchi ndi bulangete lalifupi: limafunda mutu, mapazi n'kutsala pamphepo. Ndiye funso limene anthu amafunsa kwambiri ndi lakuti, sabata ya 13 ikakwana chimachitika n'chiyani?

Chimene chimatha ndi udindo wa bwana wolipira tchuthicho. Ntchito yokha siyitha. Palibe pamene lamulo linalemba kuti masabata 12 akadutsa kontrakiti yafa. Kuti bwana akuchotseni, ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zovomerezeka zilipo mitundu itatu yokha: khalidwe lanu, kutha kapena kulephera kwanu kugwira ntchitoyo, ndi zosowa za kampani pakayendetsedwe kake. Matenda aatali amagwera pa mtundu wachiwiriwo. Apa lamulo likuti munthu asachotsedwe asanapatsidwe mpata woyankhapo. Kalata yongofika kunyumba ndi mesenjala, inu muli pamphasa, musanaitanidwe kapena kufunsidwa kalikonse, ndi kalata yoyamba kuipenda bwino musanaivomereze.

Kodi mumadziwa kuti pamlandu wotere amene amatuluka thukuta kupereka umboni ndi bwana, osati wantchito? Gawo 61 likuti wolemba ntchito ndiye aonetse chifukwa chimene anachotsera munthu, ndipo akalephera, kuchotsako kumatengedwa kuti kunali kopanda chilungamo. Ayeneranso kuonetsa kuti anachita zinthu mwachilungamo poganizira zonse zimene zinalipo. Mafunso ake ndi osavuta kuwamva. Kodi munafunsa dokotala kuti munthuyu achira liti? Kodi munakhala naye pansi? Dalaivala amene maso afooka, kodi panalibe ntchito ina pamalopo imene akanaitha? Wonyamula katundu amene msana wavuta, kodi simukanamuika powerengera katunduyo? Bwana amene sanadzifunse mafunso amenewa amakayankha movutika.

Kodi mumadziwa kuti nthawi imene munali pa tchuthi cha matenda imawerengedwa m'zaka zanu zapantchito? Gawo 41 likuti tchuthi chotere sichidula zaka. Wina akakuuzani kuti "mukabwera muyambiranso ngati watsopano," mufunseni akuonetseni pamene zalembedwa.

Tsopano pa ndalama zimene ambiri timangoti za severance. Kodi mumadziwa kuti lamulo lake linasintha mu 2010, ndipo anthu ambiri akuyendabe ndi lakale m'mutu? Kale ndalamazi zinkatuluka pafupifupi nthawi iliyonse imene bwana wathetsa ntchito ya munthu wosalakwa, kapena awiriwo akagwirizana zosiyana. Nyumba ya Malamulo itakonza gawo 35, pokonzekera lamulo la penshoni limene linabwera mu 2011, inachepetsa makomo. Lero severance imaperekedwa kampani ikamachepetsa antchito, udindo wa munthu ukathetsedwa, kampani ikakhala pamavuto a zachuma kapena ikamasintha kagwiridwe ka ntchito, komanso munthu akachotsedwa mopanda chilungamo. Lamulolo linachita kutseka ndi mawu oti kunja kwa zimenezi palibenso.

Kawerengedwe kake nkaka. Chaka chilichonse chathunthu pa zaka 5 zoyambirira, malipiro a masabata 2. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata 3 pa chaka. Kuyambira chaka cha 11 kupita m'tsogolo, masabata 4 pa chaka. Tiyerekeze ndi munthu amene wagwira zaka 12: zaka 5 zoyamba zimupatsa masabata 10, zaka 5 zotsatira masabata 15, zaka 2 zomaliza masabata 8, onse pamodzi 33. Ngati malipiro ake a pasabata ndi K50,000, ndalama yake ndi K1,650,000. Powerengera samatenga salale yokha. Ndalama ya nyumba imalowamo. Amene sanakwanitse chaka, amene ali pa nthawi yoyesedwa, ndi amene wachotsedwa mwachilungamo chifukwa cha khalidwe loipa salandira.

Mwaona chimene chikusowa pa makomo aja? Matenda palibe. Munthu amene wagwira zaka 20 ku Chirimba, wadwala sitiroko, dokotala watsimikiza kuti sangathenso, bwana watsata ndondomeko yonse n'kumuchotsa mwachilungamo, mwa mawu a gawo 35 severance alibe. Mnzake wa pabenchi yomweyo, wathanzi, amene udindo wake wathetsedwa mwezi womwewo, alandira, ndipo mawa akhoza kukafuna ntchito ina. Ine zimenezi zimandiwawa, ndipo sindikhulupirira kuti yankho loti "penshoni ilipo" likukwanira. Penshoni yokakamiza inayamba mu 2011, malipiro a anthu ambiri ndi ochepa, ndipo zimene munthu wasonkha sizingafanane ndi zosowa za nyumba imene mwini wake sadzagwiranso ntchito. Aphungu athu, a bungwe la mayuniyoni la MCTU ndi a bungwe la olemba ntchito la ECAM ayenera kulibwereranso gawo limeneli.

Kodi mumadziwa kuti anansi athu anapita patali pa nkhaniyi? Ku Zambia, lamulo la Employment Code Act la 2019 limapatsa wantchito wa kontrakiti yaitali miyezi 6 ya tchuthi cha matenda, itatu ya malipiro onse ndi itatu ya theka, ndipo wochotsedwa ntchito pa zifukwa za matenda amalandira malipiro osachepera miyezi itatu pa chaka chilichonse chimene anagwira. Ku Zimbabwe ndi masiku 90 a malipiro onse ndi ena 90 a theka. Abale athu a ku Joni adziwe kuti kumeneko tchuthi cholipidwa ndi masabata 6 okha pa zaka zitatu, koma kuli thumba la UIF limene limathandiza wodwala amene ankasonkha, ndipo dandaulo la kuchotsedwa ntchito limayenera kufika ku bungwe la CCMA pasanathe masiku 30.

Kodi mumadziwa kuti kalata yosiya ntchito mwa kufuna kwanu imatseka khomo la severance? Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Munthu wafooka, ngongole ya mankhwala yakula, lendi yatsalira, ndiye kumabwera mawu okoma: "Achimwene, kuti zinthu ziyende msanga, ingolembani kuti mwasiya nokha chifukwa cha matenda, tikupatsani kenakake." Nthawi zina kalatayo imabwera yolembedwa kale, mzere wosainira uli pansi, cholembera chili m'manja mwa wobweretsayo. Mukasaina, papepala ndiye kuti palibe amene wakuchotsani, ndipo kuti mudzanene kuti munachotsedwa mopanda chilungamo mudzayamba mwatsimikizira khoti kuti munakakamizidwa. Njira imeneyo ilipo, m'gawo 60, limene limati bwana akachititsa kuti munthu asathenso kupirira pantchito, kusiyako kumawerengedwa ngati kuchotsedwa. Koma pamenepo umboni umayamba ndi inu, ndipo ndi phiri lovuta kukwera munthu akudwala. Palibe amene angakukakamizeni kusaina tsiku lomwelo. Nenani mwaulemu kuti, "Bwana, ndiitenge kaye ndikaiwerenge," kenako mukaionetse ku leba kapena kwa a yuniyoni.

Nanga mukachira n'kubwerera, n'kuuzidwa kuti udindo wanu unathetsedwa? Ngati n'zoona, imeneyo ndi imodzi mwa njira zotulutsa severance, ndipo iperekedwe yonse. Ngati pampando wanu pakhala munthu wina amene akugwira ntchito yomwe ija, ndiye kuti udindowo ulipo, ndipo nkhani yasanduka ya kuchotsedwa mopanda chilungamo.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale severance isatuluke, pali zina zimene simuyenera kuzisiya? Wolandira pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi m'malo mwa notisiyo. Masiku a tchuthi cha pachaka amene sanatengedwe amasanduka ndalama. Tchuthicho ndi masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pasabata, ndi 15 kwa ogwira masiku 5. Malipiro onse otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Mukapempha kalata yosonyeza kuti munagwirapo ntchito, bwana ayenera kukupatsani, ndipo chifukwa chochokera sichilembedwamo pokhapokha mwapempha nokha. Kwa munthu amene sakufuna kuti matenda ake azimutsogolera kulikonse kokafunsira ntchito, kamfundo kameneka n'kamtengo wapatali.

Kodi mumadziwa kuti penshoni ikhoza kutuluka munthu asanakalambe? Bwana amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Dokotala wovomerezeka akatsimikiza kuti simungathenso kugwira ntchito, lamulo limalola kuti ndalamazo zituluke. Lamulo latsopano la penshoni la 2023 linachepetsanso nthawi yodikira ya munthu amene ntchito yamuthera, kuchoka pa miyezi 6 kufika pa itatu, asanapemphe kutapako. Koma chonde, musadikire matenda kuti mudziwe ngati ndalamazo zikufikadi. Reserve Bank yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri za mabwana amene amadula penshoni pa malipiro koma osaitumiza. Pitani kukampani imene imasunga penshoni yanu mukapemphe sitetimenti mukadali wamphamvu. Pamwamba pa penshoniyo, bwana ayeneranso kukudulirani inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, ndipo akunyumba kwanu ayenera kudziwa zimenezi.

Amene sali pa penshoni, monga antchito ambiri apakhomo, lamulo lomwe lija la 2010 linawaikira gratuity: 5 peresenti ya malipiro a pamwezi pa mwezi uliwonse umene anagwira. Ndi yochepa, koma ndi yawo, ndipo mayi amene walera ana a eni nyumba ku Nyambadwe zaka zambiri asabwerere ku Mbayani ndi ya minibasi yokha.

Kodi mumadziwa kuti kuvulala pantchito kuli ndi lamulo lakelake? Ndi Workers' Compensation Act, la m'chaka cha 2000. Makina akadula zala ku Maone, khoma likagwera womanga, mlonda akakhapidwa ndi akuba usiku ali pageti, bwana ndiye amalipira chithandizo cha kuchipatala ndi chipukuta misozi. Wolumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito amawerengeredwa malipiro a miyezi 54. Munthu akamwalira, amene ankamudalira amawerengeredwa a miyezi 42. Matenda ena obwera chifukwa cha ntchito yeniyeniyo, monga a m'mapapo oyamba ndi fumbi, alinso m'lamuloli. Ngozi ikangochitika, inenedwe msanga kwa bwana ndi ku leba, ndipo kuchipatala munene momveka kuti mwavulalira kuntchito kuti zilembedwe choncho. Ndalama imeneyi ndi yapadera. Siyilowa m'malo mwa notisi, penshoni kapena severance.

Kodi mumadziwa kuti khoti linateteza wantchito wa HIV kalekale lamulo lake lisanalembedwe? Mu 2005 khoti la milandu ya pantchito, Industrial Relations Court, linamva nkhani ya mayi wina amene anakayezetsa magazi mwa kufuna kwake n'kupezeka ndi kachilombo. Atabwerera kuntchito anachotsedwa pomwepo, osamvedwa, chonsecho anali asanalepherepo ntchito. Khoti linati kumeneko kunali kusankhana koletsedwa ndi gawo 20 la malamulo aakulu a dziko. Kenako kunabwera lamulo la HIV ndi Edzi la 2018, limene limaletsa kuyeza munthu magazi ngati njira yomulembera ntchito, ndi kumuchotsa chifukwa choti ali ndi kachilombo.

Kodi mumadziwa kuti tchuthi cha uchembere n'chosiyana ndi cha matenda? Ndi masabata osachepera 8 a malipiro onse pa zaka zitatu zilizonse, ndipo mayi amabwerera pa udindo wake womwewo. Pakakhala matenda obwera ndi mimba kapena kubereka, otsimikizidwa ndi dokotala, bwana ayenera kuwonjezera masiku. Kuchotsa mayi chifukwa cha mimba ndi mlandu umene ungafikitse bwana kundende zaka 5. Kuyambira 2021 abambo nawonso ali ndi masabata 2.

Kodi mumadziwa kuti muli ndi miyezi itatu yokha yokadandaula ku ofesi ya leba kuyambira tsiku limene mwachotsedwa? Likutero gawo 62, ndipo kwa munthu wodwala miyezi itatu imatha asanaizindikire. Ku leba salipiritsa. Mkulu wa kumeneko amaitana mbali zonse ziwiri kuti agwirizanitse, ndipo zikakanika pakatha mwezi, nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court, limene lili ndi ofesi yake konkuno ku Blantyre. Khoti limeneli limayendera lamulo la Labour Relations Act la 1996, ndipo munthu amatha kudziyankhulira yekha kapena kuimiridwa ndi wa yuniyoni. Amene akufuna loya koma alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau. Milandu imachedwa, zimenezo tisabise, koma kuchedwa kwa khoti kusakuchititseni inu kuchedwa kukalembetsa.

Khoti likapeza kuti munachotsedwa mopanda chilungamo, limayamba laona ngati mungabwezeretsedwe pantchito. Ngati sizingatheke, pali chipukuta misozi chimene sichingatsike kuposa malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, masabata 2 pa chaka kwa wa zaka zoposa 5 mpaka 10, masabata 3 kwa wa zaka zoposa 10 mpaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka kwa wopitirira zaka 15. Chifukwa chochotsera chikakhala chimodzi mwa zoletsedwa zija, monga kudwala kwa kanthawi, khoti likhoza kuwonjezera. Severance imabwera pamwamba pa zimenezi. Ndipo bwana amene walamulidwa kubwezeretsa munthu pantchito n'kukana amalipiranso malipiro a masabata 12.

Popita ku leba tengani kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro a miyezi yomaliza, makalata onse a dokotala ndi mafotokope osainidwa aja, kalata yochotsedwera ngati anakupatsani, ndi foni imene muli mauthenga anu ndi abwana. Ngati munalembedwa pakamwa pokha, monga zimakhalira ndi alonda ambiri ndi antchito apakhomo, musabwerere panjira: kontrakiti yapakamwa nayo ndi kontrakiti, ndipo mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza malipiro a mwezi ndi mwezi akhoza kuthandiza kutsimikiza zaka zimene mwagwira.